Mazira a Nkhanga

Mazira asanu ndi awiri a nkhanga
ndinagula kwa aShawa, kutsidya kwa Lutembwe,
ndinawakwirira m'kabeseni ka gaga
njinga ndikungokankha.
Usiku ndinawalowetsa pansi pa thadzi lofiira
nditachotsa ake omwe.
Linadandaula pang'ono, n'kukhalanso.

Masabata atatu anakwana, kuli zii.
Nthenga za pachifuwa zinathothoka,
koma silinachoke.
Sabata lachinayi anaswa asanu.

Tsopano m'mawa ndikamatunga pachitsime cha kudimba,
makeni awiri, repu akudikira,
ndimaliona likupalasa pa mulu wa manyowa,
likuitana, likuitanabe,
lapeza mphutsi yonenepa.
Anawo ali uko m'tsekera,
akulira chinenero china.
Kabawi akadutsa, limatambasula mapiko
pa dothi lopanda kanthu.

Tikambenji amaseka. Akuti thadzili n'lopusa.
Anabwera kuno ali ndi miyezi isanu ndi inayi,
maliro a mkulu wanga atangotha,
m'chitenje chonunkhabe sopo wa kuchipatala.

Loweruka pa msika wa Kapata
tikuyala tomato pa thumba,
mayi wina anamufunsa, amako ndi awa?
Iye, maso ali pa chenji:
iyayi, ndi amayi aang'ono.
Sananame.
Ndinawonjezera tomato mmodzi wa basela.

Dzulo nkhanga zagona koyamba mu mtengo wa mango.
Thadzi linaima pansi, khosi chopendeka,
mpaka mdima.
Kenako linakwera lokha m'khola.

Chitseko sindinatseke msanga.