Babu la Pakhonde

Ndinawerengera kuseri kwa thumba la simenti,
atate atakhala pa njerwa, manja pa mawondo
ngati munthu wodikira zotsatira za magazi.
Pakona panali batire lachiwiri lomwe anapha,
lotupa m'nthiti, lonunkha dzira lowola.
Analilumikiza ku panelo popanda mlonda pakati,
ati dzuwa n'laulere, lilekeni limwe.
Linamwadi mpaka kuwira.

Nenani zonse, atate, musabise kanthu.

Mababu atatu, mawati asanuasanu, maola anayi.
Ndinalemba 60.
Mafoni a anthu a kuno ku Chiparamba, asanu ndi atatu,
kuphatikizapo ya a Miti amene salipira:
80.
Makina ometera 40, wailesi 60,
poti maliro akamalengezedwa atate satseka.
Zonse pamodzi 240 pa tsiku.

Koma waya amaba, batire limaba,
fumbi la mu Okutobala limabanso,
ndiye ndinawonjezera gawo la akuba: 320.
Dzuwa sindinaliwerenge la m'chilimwe,
lija losweka mtengo, lodzitama.
Ndinawerenga la mu Febuluwale,
lotuluka mochedwa, lothawa mitambo ikachokera ku Mchinji,
maola anayi okha ogwira ntchito.
Kugawa, panatsala 80.

Atate anaseka: kapanelo kotero?
A Daka ali ndi yaikulu ngati chitseko.
Inde, ndinatero, ndipo kontolola wawo anapsa Lachitatu.

Ku Kapata wogulitsa anandiyang'ana nsapato
asanandiyang'ane nkhope.
Ndinatembenuza panelo, n'kuwerenga kumsana kwake:
maampu asanu ikapsa mtima.
Ndinaikapo kotala, kuchitira tsiku lowala mopenga,
n'kupempha kontolola wa maampu khumi
ndi batire loti tizimwa theka lokha.
Anasiya kutafuna chingamu.

Batire poyamba, panelo pambuyo.
Nkhope kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango.
Kagetsi kobiriwira kanayaka,
ndipo atate anameta a Miti ulere.

Sabata yachitatu ya mvula anandiimbira:
Tilabilenji, masamu ako aja akutha m'bandakucha.

Ndinakwera njinga, matope mpaka m'maondo.
Waya ndinayeza, zomangira ndinamanga,
panelo ndinapukuta ndi chitenje changa.
Ndinawerenganso thumba lija, mzere ndi mzere.
Silinaname.
Ndinagona pa mphasa, manyazi ali pakhosi,
zaka ziwiri za kusukulu ya ntchito zamanja
zikundiseka m'denga pamodzi ndi makoswe.

Pakati pa usiku ndinamva chitseko.
Atate, opanda nsapato, anatuluka,
nakhudzitsa tiwaya tiwiri kuseri kwa feremu.
Pakhonde panayaka babu lachinayi,
lakale, la mawati khumi, loyang'ana kumsewu.
Anaima pang'ono. Anakhosomola. Analowa.

Yotamu anapita ku Solwezi ndili giredi naini.
Anati ndidzafika usiku, basi ya ku Lusaka imachedwa.
Foni yake inasiya kulira chaka chachiwiri.

Mawati khumi, maola khumi.
Ndinalemba 100 mu mdima, pansi pa wailesi,
osaika dzina.
340, ndi gawo la akuba 450,
kugawa kwa dzuwa la mu Febuluwale:
panelo ya 120.
Maampu asanu ndi awiri, ndi kotala lake,
sakufika pa khumi.
Kontolola adzapirira.

M'mawa ndinati ndinalakwitsa, atate,
mitambo ya chaka chino sindinaiwerenge bwino.
Anayang'ana thumba nthawi yaitali,
chala chili pa nambala yopanda dzina ija.

A Daka ndinawauza kale, anatero,
kuti kapanelo ako n'kakang'ono.

Ndinagulitsa nkhuku zisanu ndi imodzi.
Pokweza panelo yatsopano padenga
anandigwirira makwerero, osalankhula,
ndipo potsika ndinaika switchi pakhonde,
pamalo pofika dzanja la munthu wosavala nsapato.