Masitepe Khumi ndi Anayi

Nyumba ino ya ku Eriya Firii inamangidwa bambo asanabadwe,
Lilongwe akadali kaboma ka fumbi.
Mzungu wa fodya atachoka anatisiyira masitepe a mlombwa,
chiswe nacho chinati ndi cholowa chake.

Kontilakitala anangoponya diso kamodzi:
gumulani, tithire konkire.
Mtengo womwe anatchula ndinauseka mpaka kutsamwa,
ine mphunzitsi, wa thumba louma mwezi usanafike pakati.

Ndinapita ku Mchesi.
A Zingani anabwera pa kabaza, pensulo kukhutu,
nyundo ndi sowo m'thumba la feteleza.
Anagogoda thabwa lililonse ngati dokotala pachifuwa:
ili lili moyo, ili lili moyo,
ili lapita.
Akufa anali anayi okha.

Matabwa atsopano? Anapukusa mutu.
Ndili ndi zotsala za mabokosi a maliro, amayi,
mbawa yeniyeni, eni ake sanadandaulepo.
Ndinati bweretsani,
koma bambo asamve.

Misomali yakale tinaizula n'kuiwongola pamwala.
Oyilo wakuda wopempha pa galaja ku Biwi
tinapaka kunsi kuti chiswe chisamuke.
Kupala ndinapala ndekha, usiku, magetsi atathima,
foni pakamwa, matuza m'manja,
mpaka pansi pa penti wobiriwira
panatuluka dzina la mlongo wanga Dalitsani,
lokandidwa ndi kampasi ya kusukulu.
Ali ku Joni chaka chachisanu ndi chinayi, salemba.
Pamenepo sandipepa ndinamulambalalitsa.

Lachisanu ndi chiwiri limalira.
Ndi lomwe linkandineneza kwa mayi
ndikabwera mochedwa, nsapato m'manja.
A Zingani anati msomali umodzi litseka pakamwa.
Ndinati lisiyeni,
m'nyumba muno olankhula achepa.

Vanishi anakwana kachitini kamodzi,
chogwirira chidikira malipiro a mwezi wamawa.

Loweruka bambo anaima m'munsi ndi ndodo yawo.
Zaka ziwiri akugona pabalaza,
makina osokera a mayi ali okha kumwamba.
Anakwera limodzi, kupuma, lachiwiri, kupuma.
Pa thabwa latsopano anaima, nanunkhiza.
Mbawa iyi ndi ya ku Mchesi, anatero,
ndinagulako kawiri, fungo lake sindiliiwala.
Ine chete.
Anaponda mwamphamvu, naseka:
bola lero ndili pamwamba pake.

Lachisanu ndi chiwiri linalira,
iwo osatembenuka.