Mvuu ya M'bafa Mwathu

Bafa lathu ndi la mikono iwiri basi.
Ukatambasula manja, zala zimagunda makoma onse awiri,
ukawerama kutola sopo, chitseko chimakugogoda kumsana.
M'menemo ndimo Asiyatu ankalirira madzulo aliwonse,
kukuwa ngati wapondedwa ndi njinga,
mpaka agalu a kuseri kwa njanji kumuyankha.

Kenaka kunabwera katuni ija.
Anaionera pa foni ya azakhali ake, yong'aluka galasi pakona:
kamvuu kovala nsapato za mphira,
kopalasa beseni ngati bwato
ndi anzake atatu, achule osamva.
Sabata yonse m'nyumba simunamvekenso china.
Mvuu pakudya, mvuu m'tulo.
Ine bambo wake ndikafika, thukuta lili kamukamu,
ankandilonjera m'chilankhulo cha achule.

Ndine wakabaza.
Mitunda ya Salima ndimaidziwa ndi akatumba,
kuchokera pa depoti kukafika kuchipatala,
koma mtengo wa penti ndinaudziwa Loweruka lomwelo.
Katini ka buluu: maulendo khumi ndi anayi.
Wobiriwira ndinangomuyang'ana pa shelefu,
ndinakapempha makombo kwa Jafali wolemba zikwangwani.
Anandithirira m'botolo lodula pakati, akuseka:
"Penti m'bafa? M'nyumba ya lendi?"

Mayi ake anasula ambulera yothyoka nthiti
n'kusoka katani wa pakazenera.
Zitsekerero za mabotolo tinazimata kukhoma, zikhale thovu.
Patapata wotaya mnzake anasanduka poika sopo.
Beseni lathu lakale tinalilemba nambala,
poti bwato lopanda nambala, akuti, silinyamuka.

Mvuu ndinajambula ndekha.
Dzanja lozolowera handulo silidziwa kukhota pang'ono:
inatuluka ngati thumba la makala lomera makutu.
Asiyatu anaima pakhomo, chala kukamwa,
nthawi yaitali.
"Adadi, yatupa. Ikudwala?"
Ndinasowa choyankha.
Iye anaviika chala m'botolo
n'kuikokera kamwa m'mwamba,
ndipo thumba la makala linamwetulira.

Wobiriwira anatha tili pa chule wachiwiri.
Ndinakokota botolo ndi kamtengo, osatuluka kanthu.
Usiku umenewo mwana anagona atatifulatira.

Eni nyumba, mayi Nankhoma, anabwera pa wani.
Anasuzumira, magalasi ali pamphuno.
"Khoma ili ndi langa.
Tsiku losamuka mudzapake laimu."
Atafika pageti anatembenuka:
"Koma nsapato zakezo mwakhoza."

Wachitatu anabwera yekha.
Mvula yoyamba itagwa, analowera ku paipi yotulutsa madzi,
wonyowa, wa maso otong'oka,
nakhala phee pansi pa anzake a penti
ngati wachedwa kumsonkhano.
Asiyatu sanakuwe.
Anangonong'ona: "Akwana tsopano,"
navula yekha diresi, nalowa m'bwato.

Masiku ano vuto ndi kumutulutsa.
Zala zimachita makwinya ngati nthudza zouma,
ndowa ziwiri zimathera m'nyanja yake,
mayi ake akuwerengera bilu ya madzi kukhitchini.

Ine ndimasamba mochedwa, onse atagona,
tochi ya foni ili pa msomali.
Fumbi la tsiku lonse limatsika lofiira kumapazi.
Mvuu imandiyang'ana ndi kamwa lake lokhota,
ndipo, ndisaname, ndimaifulatira ndi manyazi.

Kutentha kwa kuno kwayamba kale kusenda khutu lake lakumanzere.
Mwana akukula; chaka chamawa adzati n'zachibwana.
Laimu adzabwera, ndikudziwa, ndidzapaka ndine.
Koma pansi penipeni, pafupi ndi paipi,
pali kadzanja ka buluu, zala zisanu zotayana,
kamene anadinda tsiku lija poyesa kudzuka.
Pamenepo burashi ndidzailambalalitsa,
mayi Nankhoma anene zonena.