Kadontho pa Galasi

Ajibu wometa tsitsi pa Matawale
wazimitsa makina, mutu wanga uli theka.
"A Makwinja, inu munagwirako za ndege,
taonani ichi."
Foni yake ndi yong'aluka pakona,
mng'aluwo wadutsa pa phiko penipeni.

Ndayang'ana.
Chotuwa ngati phulusa la m'mbaula,
mphuno yosongoka, michira iwiri,
mizinga ikulendewera kunsi kwa mapiko
ngati zipatso za mvunguti.
Chathamanga pang'ono, chadzuka,
chaima chilili m'mwamba
moto wabuluu ukutuluka kumbuyo.

Munthu wa m'fonimo akuyankhula mothamanga,
Ajibu akundimasulira.
Akuti imodzi yomweyi imagwira zonse:
m'mawa ikazonda misewu ya adani,
masana igwetsa mlatho,
dzuwa likapendeka ikasaka inzake m'mitambo.
Akuti imagonthetsa rada ya eni dziko
mpaka aziona mvula pomwe pali chitsulo.
Akuti mzinga wake umanunkhiza kutentha,
ukagwira fungo subwerera.
Ndipo woyendetsa saona nkhope ya mdani ayi,
amaona kadontho pa galasi,
kutali kuposa Liwonde kuchokera pano.
Chala chidina.
Kadontho kazima.

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndinakhala kunsi kwa mapiko ku Eyawing'i.
Zathu zinali za mapulopela,
zotsokomola m'mawa wa Juni
chifunga chikatsika phiri kudzagona pabwalo.
Tinkakweza matumba a chimanga,
makatoni a mankhwala, mabulangete onunkha sitolo,
tsiku lina bokosi lokutidwa mbendera
lomwe tinalinyamula anthu asanu ndi mmodzi osayang'anana.
Madzulo alionse ndinkawerenga masipanala,
poti imodzi ikasowa, ndege siuluka
mpaka ipezeke.

Sindinama, Ajibu, manja anga ayabwa.
Ndikanakonda kutsegula mimba ya chinthu chimenechi,
kulowetsa mkono mpaka m'phewa,
kumva mmene anachilukira mitsempha.
Amene anachipanga anali amisiri,
ndiwavulira chipewa, ngakhale mutu uli theka.

Koma tabweza pang'ono kanemayo.
Apo. Imitsa.
Ukumuona uyo wa zotseka m'makutu,
wagwada pafupi ndi tayala?
Ameneyo ndi ine.
Zikhadabo zake ndikuzidziwa, girisi sachoka ndi sopo.
Ndiye wapukuta galasilo m'bandakucha,
ndiye wamanga mabawuti, wawerenga masipanala,
ndiye adzaima pabwalo, dzanja pachipumi,
kudikira.

Zathu zikabwera zopanda katundu
tinkadziwa kuti ku Chingale kapena ku Chikwawa
wina wafunda, wina wadya.
Nanga yake ikatera, mvunguti utayoyoka wonse,
amati chiyani pomanga matayala?
Amafunsa?
Kapena amangotsegula kabuku n'kulemba:
mafuta akuti, maola akuti, palibe chovuta.

Ndipo kadontho kaja,
nako kanali ndi wake wa zikhadabo zakuda,
pabwalo lina, m'chilankhulo china,
masipanala ake onse alipo,
tiyi wazizira m'kapu,
akuyang'anabe kumene inalowera.

Ajibu akuseka: "Mwakalamba, bwana.
Tikanakhala nayo imodzi yokha pano,
itadutsa pa Mpondabwino chamunsimunsi,
malata onse akanagwada!"
Akanagwada ndithu.
Agalu a ku Chikanda akanauwa mpaka Lachitatu,
ana a sukulu akanathawa m'makalasi kuloza kumwamba,
inenso, ndisabise,
ndikanatuluka ndi nsalu yako ili m'khosi.

Bandulo yatha, ndege yauma pakati pa mtambo,
kagudumu kakungozungulira pamphuno pake.
Wati ayatse makina, magetsi athawa.
Wafufuza lumo m'dilowa, akung'ung'udza.

Panja, pamwamba pa ogulitsa nkhuku,
mphamba akuzungulira osakupiza mapiko.
Uyo amatsika yekha,
amamva kulemera kwa chimene wagwira,
chimamulirira m'zala mpaka kuphiri.

"Weramitsani mutu," akutero Ajibu.
Ndaweramitsa.
Tsitsi loyera likugwera pamaondo
ndipo ndadzipeza ndikuwerenga
zipeso ndi malumo ali pashelefu:
zisanu ndi ziwiri.
Ndawerenganso.