Chimbale cha Mervyn

Anachigula ku Kalgoorlie chaka chimene chifuwa chinamuyamba,
nachipachika pamsomali m'kalavani chisanalawe dothi.
Mainchesi khumi ndi asanu ndi anayi.
"Glenys," ankatero, "kambale kakoko kamangonyambita pamwamba,
ichi chimamva zimene nthaka inameza kalekale."
Ine ndinkangomugwedezera kabotolo ka mapiritsi
momwe timinyenyeswa tanga ta golide tinkalira ngati mchenga.

Lero ndachitsitsa.
Ndamasula kambale kanga pamakina, ndamangapo chakecho.
Bawuti yapulasitiki inandivuta, zala zanga si zija.

Kumpoto kwa Leonora dothi ndi lofiira psuu,
ntchentche zimamwa m'ngodya za maso osapempha.
Chimbalechi sichilowa pakati pa zitsamba,
chimafuna poyera ngati ng'ombe ya nyanga zazitali,
ndiponso sichifuna phuma:
kumanja, kumanzere, pang'onopang'ono,
ngati ukusita malaya a munthu wopita kuukwati.
Isanakwane naini phewa layaka moto,
lamba wadya khosi, chigongono chikudandaula.
Mervyn, sunandiuze za kulemeraku.

M'makutu udzudzu uja ukulira mosalekeza.
Miyala yakuda ikunama, ikukuwa pachabe,
ndaikankha ndi nsapato isanu ndi umodzi.
Kenaka, pafupi ndi chitsa cha bulugamu,
kulira kuja kwangotsika pang'ono
monga mmene munthu wagona amasinthira mpweya.
Ndabwerera. Ndadutsanso chopingasa.
Kulipo.

Vuto la khutu lalikulu ndi ili:
limati "chilipo" koma silinena pati.
Ndakumba dzenje lotambalala ngati bafa,
piki ikudumpha pa nthaka youma gwa.
Kufika m'akakolo, mawu akula.
Kufika m'katumba, akuimba.
Madzi m'botolo afunda ngati tiyi wadzulo.
Kufika m'mawondo, makina akukuwa
mpaka ndavula zomvera m'makutu,
mtima uli phaphapha ngati wa mtsikana,
ndayamba kale kulipira ngongole ya galimoto m'mutu.

Mutu wa piki.
Wodyeka ndi dzimbiri, mpini unabwerera kudothi kalekale.
Winawake, zaka zana zapitazo,
anaima pano pomwe ndi ludzu lomweli,
nakumba, nasiya.
Kaya anapeza, kaya anangotopa, chitsulocho sichinena.

Ndakhala pansi, miyendo m'dzenje,
ndaseka mpaka kutsokomola chifuwa chako chija.

Madzulo Raelene wa kalavani yobiriwira watulukira
ndi kambale kake kangati sosala.
Sanafunse kanthu, amadziwa nkhope ya wokumba dzimbiri.
Wangodutsitsa pamulu wa dothi limene ndinataya poyamba,
lapamwamba lija, la fosholo yoyamba,
ndipo kambale kati tswii.
Wapeta m'dzanja, wauzira, walavulira:
kagolide ngati njere ya mpunga yothyoka pakati.
Chimbale chako chinadutsapo kanayi, Mervyn,
chili duu, maganizo ali pansi patali.

"Nkako," akutero Raelene. "Dzenje ndi lako."
Ndakaponya m'kabotolo. Kalira kamodzi.

Takwirira dzenjelo tonse awiri,
kuti kangaru angathyokemo mwendo usiku.
Mutu wa piki ndabwera nawo,
ukutsekereza chitseko cha kalavani chimene sunakonze.

Ndikudziwa chimene Raelene akuganiza,
kuti mkazi wa zaka zanga abwerere ku kambale kopepuka,
azitola tating'ono totsimikizika
tokwanira dizilo ndi buledi.
Sakulakwa.
Chiyambire maliro ako ndakhala chimodzimodzi:
ndimamva zakuya zokhazokha,
mdzukulu akaimba foni ndimayankha mochedwa,
ketulo imauma pamoto ine ndili pomwepo.

Batire ili pa chaja. Phewa ndapaka mafuta.
Msomali uli pakhoma wopanda kanthu,
ndipo ndaona kuti sindikuuyang'ananso.
Mawa ndiyenda nachonso chimbalechi mpaka teni koloko,
kuseri kwa chitsa chija kumene sindinafike.
Ikakwana teni ndidzamanga kambale kanga
ndi kubwerera m'mapazi anga omwe.