Bowo la Pansi pa Madzi

Mu Ogasiti ku Galveston dzuwa sililowa,
limangobisala m'makoma a boti n'kumapuma usiku wonse.
Verna anagona chagada pa kabedi ka kutsogolo,
thukuta kamukamu, tsitsi litamatirira papilo,
nati, "Delbert, ndakalamba ine,
sindinabwere kuno kudzaphikidwa."
Kafani kathu kankangotakasa mpweya womwewo
ngati munthu wobwereza nkhani imene tonse tinaimva kale.

M'mawa ndinapita kwa Thuan, wa shopu ya kuseri kwa doko,
amene manja ake amanunkha dizilo ngakhale Lamulungu.
Ndinaloza makina oziziritsa aakulu kuposa onse.
Iye anapukusa mutu.
"Aakuluwo amaziziritsa msanga n'kuzima,
chinyontho n'kutsala m'zofunda, m'makabati, m'chifuwa.
Kayeze kaye kachipinda kako. Uwerenge mawindo.
Undiuzenso ngati denga lake n'loyera kapena lakuda."
Ndinayeza chogwada, tepi ili kukamwa,
manambala ndinalemba kuseri kwa lisiti la mankhwala a Verna.
Tinagwirizana pa apakatikati,
mtengo wake kuposa galimoto yanga yoyamba.

Za poika tinakangana masiku awiri.
Pansi pa mpando wodyera, anatero Verna,
paja pali nsapato zako zosavala zija.
Kufupi ndi injini ayi, anatero Thuan,
angakoke utsi n'kukugonekani tulo tosadzuka.
Nsapato zinapita.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti makinawa amamwa madzi a m'nyanja,
ndipo kuti amwe, uyenera kuboola boti lako pamimba.
Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikumata ming'alu,
kudzuka pakati pa usiku kumvetsera dontho.
Lero boti lili lende pa malamba, m'mwamba,
ndipo Thuan wandipatsa choboolera.
"Boti ndi lako," akutero, "boola wekha."
Manja anali njenjenje.
Chitsulo chinalira, fumbi loyera linandigwera m'maso,
kenako kachidutswa kozungulira kanagwa pansi, gwa,
kuwala n'kulowera pamene kuwala sikunalowepo.
Verna anakatola, nakaika m'thumba la diresi.

Zotsalazo zinali za mawondo ndi msana.
Chotsekera madzi pabowo, sefa pambuyo pake,
pampu mmunsi kuti isamwe mpweya,
paipi iliyonse yomangidwa kawiri
chifukwa nyanja sikhululukira womanga kamodzi.
Mapaipi a mphepo tinawakwawitsa kuseri kwa kabati ya mbale.
Ndinadzigunda mutu katatu pamalo amodzi.
Waya wina ndinalumikiza mopotoza,
Thuan anangoyang'ana, osanena kanthu, mpaka ndinaona ndekha.

Atalitsitsira m'madzi ndinapisa dzanja pansi, mumdima.
Pouma.
Ndinapisanso. Pouma ndithu.
Tinalumikiza chingwe ku magetsi a padoko,
pampu inang'ung'udza, inatsokomola,
ndiye m'mbali mwa boti madzi anayamba kutuluka, chuu,
ngati kamwana kokodza kopanda manyazi.
Verna anaika nkhope pa kazenera ka mphepo natsinzina.

Usiku wachitatu makina anangoti zii.
Ndinatsika ndi tochi kukamwa, kabudula yekha,
sefa itadzaza ndere ndi tinkhono.
Ndinachotsa ndi mswachi wakale, ndikutukwana chapansipansi,
mpaka madzi anayambanso nyimbo yawo.
Pobwerera ndinamva mawu ochokera mumdima:
"Delbert, tandipatsira bulangete."
Mu Ogasiti. Bulangete.

Tsopano iye amagona mpaka mbalame za padoko zitayamba mkangano.
Ine tulo tanga n'tochepabe.
Ndimatuluka kunja kotentha kuja, udzudzu uli m'makutu,
kukhala pa bokosi la zingwe,
kumvetsera madzi akulowa pabowo limene ndinaboola ndekha
n'kutulukira mbali ina atanyamula kutentha kwa mkazi wanga.
Kachidutswa kaja kali pa shelefu, pambali pa mankhwala.
Nthawi zina ndimatsikabe kukapisa dzanja.