Kabuku ka Miyeso

Patha masabata asanu ndi awiri, a Fanuwelo,
ndipo lero ndatsegula loko wa bokosi lanu
pakhonde paja pa golosale ya a Likoswe.
Makina ndawapeza ali chifundire chitenje chomwe chija,
singano ili m'mwamba, ulusi wabuluu ukulendewera
ngati munthu amene anamuitana ali pakati pa mawu.

Pa Luchenza palibe chaima.
Maminibasi a ku Muloza akuitanirabe,
akabaza akulimbiranabe kasitomala mmodzi,
mayi wa zinanazi uja wakweza mtengo.
Ndinafuna kuwafunsa: kodi simunamve?
Anamva. Anabwera, anachezera kuimba, anaponya dothi,
kenaka anabwerera ku malonda awo.
Sindikuwada.
Inenso ndinkatero pa maliro a ena.

Eni zovala ayamba kufika mmodzimmodzi.
Amayamba ndi pepani, maso ali pansi,
n'kuzungulira, n'kuzungulira,
mpaka lilime lifike pa buluku lomwe anasiya.
Aphunzitsi a Nakoma atenga jekete lawo la mkono umodzi,
ati palibe kanthu, akamalizitsa kwina.
Mnyamata wothyola tiyi uja
wabweretsa faifi handiredi yomwe ine sindinkaidziwa.
Ndalama imeneyo yandiliza
kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Amati limbani mtima,
ngati mtima ndi batani loti n'kubwereza ulusi.
Achemwali anu anati zovala zanu tigawe, zikundidwalitsa.
Ndinagawa zonse, kupatula juzi ya chiperoni ija
yong'ambika pachigongono.
Telala wa tauni yonse, juzi yanu yomwe osaisoka!
Ndimaivala m'mawa nkhungu ikabisa phiri
ndipo ndimakukalipiranibe.

Kabuku ka miyeso kanali pansi pa zigamba.
Anthu onse a kuno ali mmenemo:
phewa, chifuwa, chiuno, kutalika,
amoyo ndi akufa patsamba limodzi,
ena ananenepa, munafufuta n'kulembanso.
Patsamba lomaliza palibe dzina.
Munangolemba kuti wanga,
m'munsi mwake manambala anayi
ndi mawu oti Disembala.
Simunandiyesepo ndi tepi, bambo inu.
Munandiyesa liti? Ndili m'tulo?
Nsalu yake ndaipeza m'pepala la khaki, yodulidwa kale,
yobiriwira ngati munda wa tiyi mvula itangoyamba,
choko chanu chikuonekabe m'mbalimu.

Ndaonda tsopano.
Manambala anuwo ndi a mkazi wa chaka chatha
amene ankadya akuseka.

Ndakhala pampando wanu.
Ndi wautali kwa ine, zala zokha n'zomwe zikufika pachopondera.
Ndaponda, makina abwerera m'mbuyo, ulusi waduka.
A Likoswe asuzumira pazenera osanena kanthu,
atuluka ndi kabotolo ka mafuta,
adontheza pawiri, alowanso.
Ulusi ndaulowetsa kachinayi;
diso la singano ndi laling'ono
kwa munthu amene maso ake ali m'madzi.

Kenaka phokoso lija.
Sindinadziwe kuti ndi limene ndinkalisowa,
limene linkandiuza ndili patali, ndikadali pa njanji,
kuti mulipo, simunaweruke.
Lero likuchokera kumapazi anga,
lotsimphina, lopumira,
koma galu wa pagolosale wadzutsa mutu.

Msoko woyamba wakhota ngati msewu wa ku Thekerani.
Inu mukanaumasula,
mukanaluma ulusi n'kupukusa mutu.
Ine ndausiya.

Chifuniro wandipeza pochokera kusukulu.
Akufunsa ngati diresilo lidzatha Disembala asanafike.
Ndamuuza kuti sindikudziwa,
ndipo aka n'koyamba kumuyankha zoona
chichokere kuchipatala kuja.

Phiri lafiira, a Likoswe akutsitsa zitseko.
Ndafunditsa makina chitenje chawo.
Singano ndaisiya pansi, italuma nsalu,
kuti mawa ndisasokere pomwe ndalekera.